Dandaulo pa lenzi ya 70-200mm imene sikufika pa 200mm pojambula chapafupi

Highfield, Harare

Kwa Woyang'anira Malonda

Okondedwa Bwana,

Ndalemba kalatayi podandaula za lenzi ya kamera ya 70-200mm f/2.8 (manambala a mamilimitawa amasonyeza mphamvu yake yokoka chinthu kuti chioneke pafupi) imene ndinagula m'sitolo yanu ya m'tauni mwezi wathawu, komanso za yankho limene antchito anu anandipatsa nditabwera kudzafotokoza vuto lake. Lisiti ndi zithunzi zoyesera ndaziphatika pa kalata yomweyi.

Ntchito yanga ndi yojambula zithunzi pa maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mpingo, makamaka pakati pa abale athu ochokera ku Malawi okhala ku Highfield, Mbare ndi Mufakose. Pogula ndinanena momveka bwino kuti ndikufuna lenzi yokoka zinthu zing'onozing'ono ndili chapafupi, monga zala za mkwati ndi mkwatibwi povekana mphete, kuti zidzaze chithunzi chonse popanda kuchidula pa kompyuta. Wogulitsa ananditsimikizira kuti 200mm ndi 200mm basi, kaya chojambulidwacho chili kutali kaya chili pafupi. Ndinatulutsa ndalama zanga chifukwa cha mawu amenewo, ndipo mawuwo si oona.

Nditaona kuti zithunzi za mphete zikutuluka zazing'ono, ndinaika kamera pa choimikira chake cha miyendo itatu ndi kumata tepi yopimira pakhoma, pa mtunda wa mamita 1.4 kuchokera pa sensa (kachipangizo kolandira chithunzi m'kati mwa kamera), pomwe ndi pafupi pomalizira pamene lenziyi imagwira fokasi, kutanthauza kuonetsa chinthu bwinobwino mosachita chimbuuzi. Kamera yanga ndi ya full frame, ndipo sensa yake ndi ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi. Nditapotoza lenzi mpaka pa 200mm, m'chithunzi munalowa masentimita pafupifupi 30 a tepiyo. Masamu wamba a magalasi akusonyeza kuti lenzi yosunga mamilimita ake 200 pa mtunda umenewo iyenera kuonetsa masentimita 17 kapena kuposerapo pang'ono. Kenako ndinaikapo lenzi yanga yakale ya 135mm, kamera ili pomwepo osaisuntha, ndipo zithunzi ziwirizo zinafanana moti munthu sangazisiyanitse msanga. Koma nditaloza nsanja ya foni yakutali, lenzi yanuyi inakoka bwino lomwe ngati ya 200mm yeniyeni.

Chochititsa zimenezi n'chodziwika, ndipo aliyense wogulitsa zipangizo zojambulira ayenera kuchidziwa. Nambala yolembedwa pa lenzi imapimidwa fokasi ili pa chinthu chakutali kwambiri. Malenzi akale ankagwira chinthu chapafupi posuntha magalasi onse pamodzi kupita kutsogolo, moti thunthu la lenzi linkatalika koma mamilimita ake sankasintha. Malenzi ambiri amakono amasuntha kagulu kochepa ka magalasi mkati mwake, zomwe zimathandiza kuti fokasi izigwira mwachangu ndiponso kuti lenzi isamatalike, koma pa malenzi ena vuto lake ndi lakuti mamilimita amatsika munthu akamayandikira chojambulidwacho. Ojambula amakutcha kutsika kumeneku focus breathing. Ndikudziwanso kuti opanga amakonda nambala zosavuta kutchula, kotero lenzi yolembedwa 200mm ikhoza kukhala ya 194 kapena 195, ndipo kusiyana kochepa kotereku sikungandilembetse kalata. Kutsika kuchoka pa 200 kufika cha m'ma 135 ndi nkhani ina, pakuti pamenepo gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu imene ndinalipira latayika, ndipo latayika pa mtunda womwewo umene ndimagwirirapo ntchito.

Chimene chinandipweteka kwambiri mtima ndi yankho la wantchito wanu, yemwe anangoti ndi nkhani ya crop factor ndipo ndipite ndikaphunzire kamera yanga. Crop factor imakhudza makamera a sensa yaying'ono ngati APS-C, amene amachepetsa malo olowa m'chithunzi ndi 1.5 kapena 1.6, ndipo zotsatira zake n'zakuti chinthu chimaoneka choyandikira, osati chotalikira. Sisintha mamilimita a lenzi, komanso sikhudza kamera yanga. Munthu amene wagwira ntchito yojambula kwa zaka zambiri sayenera kubwezedwa ndi mawu otero pamaso pa makasitomala ena.

Sindikunena kuti lenziyi ndi yowonongeka kapena yachinyengo. Kwa wojambula mbalame ku Lake Chivero kapena mpira ku bwalo la Rufaro ikhoza kugwira ntchito yake bwino kwambiri. Dandaulo langa ndi lakuti ndinafunsa funso lolunjika ndipo ndinayankhidwa zolakwika, pamene nambala yosonyeza kukula kwa chithunzi pojambula pafupi, 0.12, inali m'kabuku komwe kanali m'bokosi lomata limene sindikanatha kutsegula ndisanalipire. Pa ukwati wapitawu ndinakakamizika kudula zithunzi za mphete kwambiri, ndipo banja litapempha chithunzi chachikulu chopachika pakhoma, sichinatuluke chooneka bwino ngati mmene ndinawalonjezera. Mwa ife ojambula, banja limodzi likakhumudwa, mbiri imafika mumpingo monse Lamlungu lotsatira.

Choncho ndikupempha kuti mulandire lenziyi, imene ili bwinobwino pamodzi ndi bokosi ndi zonse za mkati mwake, ndipo mundibwezere ndalama zanga zonse kapena mundisinthire ndi ina imene ndidzaiyese ndekha m'sitolo mwanu ndi tepi yopimira ndisanainyamule. Ndikupemphanso kuti antchito anu aziuza ogula za khalidwe limeneli la malenzi asanagule. Lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la mu 2019 limapatsa wogula ufulu wouzidwa zoona za katundu amene akugula, ndipo ngati sitingamvane, nkhaniyi ndidzaitengera ku bungwe loteteza ogula la Consumer Protection Commission. Ndikuyembekezera yankho lanu lolembedwa pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku limene mwalandira kalatayi.

Ine wanu,
Kasitomala wa ku Highfield