Atolankhani samalani ndi nkhani za kugwirira

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za mmene atolankhani ena akulembera nkhani za kugwirira.

Mwana akagwiriridwa kuno ku Mangochi, dzina lake mumabisa ndithu, koma n'kutchula mudzi, mfumu, sukulu ndi kalasi yake, n'kuonjezeranso kuti woganiziridwayo ndi bambo ake omupeza. Ndiye mwabisa chiyani? Likamalowa dzuwa, ngakhale ogulitsa usipa pamsika amakhala atamudziwa kale.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mafunso okayikira wodandaula, amene amadzaza pa Facebook nkhani ikangotuluka: anavala chiyani, ankakatani kunyanja usiku, bwanji waulula patatha mwezi? Ambiri amachedwa chifukwa cha mantha ndi manyazi, makamaka wowachita chipongweyo akakhala yemwe amagula ufa pakhomopo. Akachedwa sindiye kuti akunama ayi.

Woganiziridwayonso musamuweruze. Malamulo a dziko lino amati munthu ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa.

Ndipo m'malo molongosola zonyansazo mwatsatanetsatane, muziuzako anthu kuti mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 munthu atagwiriridwa, komanso kuti kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza.

Mayi wokhudzidwa,
Mangochi