Filimu ya akazitape koma ukazitape wake ndi wochepa

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za Mission: Impossible – Fallout ya 2018 ija, poti anthu ambiri amati nde filimu ya akazitape yoposa zonse za masiku ano. Kukoma ndiyokoma inde, sindikukana, koma kukoma kwake kuli pa thupi la Tom Cruise basi, nkhani yake nde ayi.

Paja akudumpha kuchoka padenga la nyumba ina kupita pa ina ku London, bamboyu anathyokadi akakolo akujambula mu 2017, ndipo mbali imeneyo anaisiya momwemo mufilimu, mukayang'anitsitsa mumuona akumenyetsa phazi kukhoma kenako nkukwawira pamwamba nkumapita akutsimphina, ntchito mpaka inaima kwa masabata angapo kudikira kuti achire. Kudumpha mundege kuja nakonso anadumphadi, ku Abu Dhabi, maulendo oposa 100 kuchokera pamtunda wa mamita oposa 7,000, ndipo ankajambula dzuwa likamalowa pokha poti kuwala komwe ankafuna kumangokhala kwa mphindi zochepa. Mzinda wa Paris ukuoneka pansi uja ndi ziphaliwali zija anachita kuika ndi kompyuta, koma munthu akugwayo ndi weniweni, wa kamera naye anadumpha nawo. Helikoputa anachita kuphunzira nkumaiulutsa yekha m'mapiri a ku New Zealand. Maso sanamizika abale, chinthu chikakhala chenicheni umangozindikira wagwira mpando.

Koma ine pondikomera kwambiri ndi pa ndewu ya mutoileti ku Paris. Amuna awiri, Tom Cruise (mufilimumu ndi kazitape Ethan Hunt) ndi Henry Cavill chimunthu chonse chija (mufilimumu ndi Walker), akuswedwa ndi munthu m'modzi wochepa thupi, magalasi kusweka, paipi yapansi pa sinki kuzulidwa nkusanduka chida, ndipo kamera sikugwedezeka mwachisawawa ngati mmene amachitira mafilimu ena pofuna kubisa kuti anthuwo satha kumenyana. Chibakera chilichonse ukuchiona komwe chachokera ndi pomwe chafikira. Apapa Christopher McQuarrie amene anawongolera filimuyi ndamuvulira chipewa.

Nde tibwere kwa ukazitape. Kazitape ntchito yake nkusadziwika, kumvetsera, kudikira, kupusitsa munthu mpaka aulule yekha. Filimuyi imachita zimenezi bwino kamodzi, koyambirira, pomwe amamugoneka wasayansi wina wa mabomba m'chipinda chonamizira chipatala nkumuonetsa nyuzi zabodza pa TV kuti mabomba aphulika kale, iye posangalala nkutsegula foni yake, kenako makoma nkugwa, wowerenga nyuzi uja eti anali Benji, mnzake wa Ethan, atavala chigoba. Nzeru zimenezo! Koma kuchoka apo Ethan Hunt akuthamanga pa njinga yamoto opanda ndi helemeti yomwe, moyang'anizana ndi magalimoto pa Arc de Triomphe, apolisi a mzinda onse ali pambuyo pake, kazitape wanji amene Paris yonse yamuona nkhope? Ndipo za chigobazo amazibwerezanso ku London, kachiwiriko umadziwiratu.

Chinsinsi chachikulu choti John Lark, chigawenga chomwe akuchisaka, ndi ndani nachonso sichichedwa kuululika. Foni ya munthu anafera mutoileti uja tinaiona ili yosweka, nde Walker akukapereka kwa bwana wake wa CIA, bungwe la akazitape la ku America, foni yabwinobwino yopanda ndi mng'alu womwe nkumati ndi ya malemuyo, basi pamenepo wowonera wadziwa kale kuti Lark ndi Walker, chotsala nkudikira kuti anzathu a mufilimumo atipeze. Mwina anachita dala, kaya, koma filimu ya mphindi 147 kumadikira chinthu choti ukuchidziwa zimatopetsa. Chifukwa chomwe anthu oipawo akufunira kuphulitsa mabomba a nyukiliya ku Kashmir nkuipitsa madzi omwe India, Pakistan ndi China amadalira amangochikhudza pamwamba, sumva kuti anthuwa chinawapweteka nchiyani kuti afike pamenepo. Ilsa Faust naye, mayi woti ali ndi nkhani yakeyake ndi MI6, bungwe la akazitape la ku Britain, nthawi zambiri amangotulukira pofunika kupulumutsa Ethan.

Kumapeto nde kumandiseketsa. Bomba aliika mphindi 15, koma m'mphindi zimenezo Ethan wakwera chingwe cha helikoputa ili m'mwamba, wailanda, wathamangitsa inzake, zawombana, zagwa, amenyana paphompho lija, lomwe kwenikweni ndi Preikestolen ya ku Norway osati Kashmir, ndipo wakwerabe thanthwe ndi manja kukafika pa rimoti ya bombalo. Anzake kumusi akudula mawaya patatsala sekondi imodzi. Bwanji osadula patatsala 40 tsiku lina, tingodabwako?

Ndine wanu,
Wowerenga wokonda mafilimu