Chilengezo: Phunziro la Loweruka, aneneri ndi ma shaman

Moni nonse abale ndi alongo pagulu pano. Loweruka lino tikumana 2 koloko masana kuholo komwe kuja, mutu ndi wa aneneri achiheberi ndi ma shaman aku Siberia, aja amaimba ng'oma mpaka kugwidwa mzimu. Mawu oti shaman anachokera kwa anthu a Evenki komweko.

Musanandinene kuti ndasochera werengani kaye 1 Samueli 10, Sauli akukumana ndi gulu la aneneri likutsika kumsanje ndi zeze, lingaka ndi chitoliro, mzimu kumugwira naye nkuyamba kunenera, ndiye pa chaputala 19 mpaka anavula zovala kugona pansi usana ndi usiku wonse. Elisa naye pa 2 Mafumu 3:15 anayamba waitanitsa woimba zeze kenako uthenga unabwera. Ezekieli 8:3 akuti anamunyamula ndi tsitsi kupita ku Yerusalemu m'masomphenya, ulendo ngati womwe ma shaman amakamba.

Koma Deuteronomo 18 ikuletsa zobwebweta ndi kufunsa akufa, ndiye mkangano ukhala pamenepo. Tionanso ndakatulo ya Yesaya 1:3, mzere wa ng'ombe ndi wa bulu kunena chinthu chimodzi kawiri.

Tengani Baibulo ndi kope, chonde osachedwa ngati ulendo watha uja.