Lipoti la msonkhano wa "bike rodeo" ya ana athu

Wapampando, makolo ndi abale nonse a m'gulu lathu kuno ku Calgary, m'dziko la Canada,

Munandituma ku msonkhano wa m'dera lathu Loweruka lapitali kuti ndikamve bwino za kalata ija yoitanira ana ku "bike rodeo". Ndiyambe ndi chimene amayi ambiri akudikira kumva: kumeneko kulibe nkhunzi, kulibe kavalo, ndipo palibe mwana amene akamukweze pa chiweto. Ndi tsiku lophunzitsa ana kupalasa njinga mosamala, pabwalo loimikapo magalimoto. Akaika timakoni kuti ana azikhotakhota pakati pake, akaona mabuleki ndi mpweya wa m'matayala, akawaphunzitsanso kulozera ndi mkono asanakhote. Mwana aliyense abwere ndi chipewa choteteza mutu, chifukwa lamulo la chigawo chathu cha Alberta limati wosakwana zaka 18 asakwere njinga popanda chipewacho.

Nditanena kuti makolo angapo a kwathu anabweza kalatayo poopa ng'ombe, holo yonse inaseka, koma kuseka kwaubale. Ndinawauza kuti asatidabwe. Ife mawu akuti rodeo tinawadziwira ku Calgary Stampede, chikondwerero cha mipikisano ya abusa a ng'ombe, kumene mwezi wa Julayi uliwonse timaona mnyamata atakhala pa nkhunzi yolusa, dzanja limodzi lili pa chingwe lina lili m'mwamba, akulimbana kuti akwanitse masekondi 8 asanaponyedwe m'fumbi. Mayi wanji angasainire mwana wake wa zaka 6 zoterozo?

Amene anandithandiza kwambiri ndi mayi wina wochokera ku Chile amene ndinakhala naye pafupi. Pa nthawi ya tiyi anandilembera pa kapepala mawu a Chisipanishi akuti rodear, kumene kunachokera rodeo, kutanthauza kuzungulira kapena kuzinga. Akuti poyamba rodeo sanali masewera ayi, inali ntchito. Ku Mexico ndi ku California wakale ng'ombe zinkangoyendayenda m'tchire popanda mpanda, ndiye nyengo ikakwana abusa okwera akavalo, otchedwa vaqueros, ankazizinga n'kuzikusira pamodzi kuti aziwerenge, mwini aliyense apatule zake, ndipo matole adindidwe chizindikiro ndi chitsulo chamoto. Ine ndinangokumbuka tsiku la dibi kumudzi, ng'ombe za makola onse zitadzaza njira, anyamata akupikisana kuti aone wodziwa kubweza nkhunzi yopulupudza. Mpikisano wa abusa unabadwa choncho, ntchito ikatha aliyense n'kumafuna kuonetsa kuti chingwe amachidziwa kuposa mnzake.

Mayiyo anawonjeza kuti kwawo mawu omwewa amanena masewera ena. Ku Chile okwera akavalo awiri amathamangitsa ng'ombe yaing'ono m'bwalo lotchedwa medialuna mpaka kuipanikiza pa khoma lotchinjiriza, ndipo kuyambira 1962 amenewa amawerengedwa kuti ndi masewera a fuko. Kukwera nkhunzi kulibeko. Chimene chinandiseketsa n'chakuti m'Chisipanishi munthu wolankhula mozungulira, wosafuna kugunda pa mfundo, amamunenanso kuti akuyenda ndi rodeos. Ndinaganiza za misonkhano yathu ina, koma sinditchula maina.

Bambo wina wachikulire amene anakulira pa famu ya ng'ombe kum'mwera kwa Alberta anatikumbutsa kuti mipikisano ikuluikulu yakale sinatenge n'komwe dzinali. Ya ku Cheyenne, ku America, inayamba mu 1897 ndi dzina lakuti Frontier Days, ya ku Pendleton, ku America komweko, mu 1910 ndi Round-Up, yathu ya kuno mu 1912 ndi Stampede, ndipo dzina la rodeo linadzafala pambuyo pake. Katchulidwe nakonso n'kapawiri. Kuno amakweza mawu pa "ro", koma ku Salinas, California, ndi pa msewu wa masitolo odula uja wa Rodeo Drive ku Beverly Hills amatsatira Chisipanishi, amati ro-DE-yo. Mukatchula mwa njira iliyonse akumvani.

Tsono chimene chinatisokoneza ife n'chakuti mawuwa anachoka kale ku khola. Anthu a kuno amatcha rodeo mpikisano uliwonse woonetsa luso la pantchito podutsa m'mayeso angapo. Oyendetsa mabasi ali ndi yawo, okwera mapolo a magetsi ali ndi yawo, ndiye ya njinga za ana yangotsata mzere womwewo. Ndinamvanso mawuwa akugwira ntchito ina pamsonkhano pomwepo. Makina oonetsera zithunzi atakana kuyaka, mayi wotsogolera anangotulutsa mapepala osindikiza kale m'chikwama n'kunena kuti "this isn't my first rodeo". Sankanena za ng'ombe. Ankatanthauza kuti iye si wa lero pa zimenezi, anaziona kale. Amene mumagwira ntchito ku zipatala ndi m'nyumba zosungira katundu mwina munawamvapo, ndipo nthawi zina amawanena pochenjeza kuti musandipusitse.

Panali kukambirana pang'ono pa za ziweto. Ena anati dzinali alisinthe chifukwa pali mabanja amene sagwirizana ndi kukola matole ndi chingwe pa Stampede, amati ndi nkhanza. Ena anati dzina lilibe mlandu. Anavota, dzina latsala. Ine sindinavote, popeza simunandipatse mawu pa nkhani imeneyi.

Anatipempha kuti timasulire chidziwitso chawo m'Chichewa, ndipo ndinavomera m'malo mwanu. Maganizo anga ndi akuti mawu a rodeo tiwasiye momwe alili, koma tiziwonjezera nthawi zonse kuti ndi ya chiyani. Tikangolemba kuti mpikisano wa abusa a ng'ombe tibwerezanso chisokonezo chomwechi, ndipo agogo sadzalola zidzukulu kupita. Pamutu pa chidziwitsocho ndalemba kuti "Tsiku lophunzitsa ana kukwera njinga mosamala", dzina lachingerezi lili pansi pake. A sekilitale ali ndi kope, aliyense woona polakwika akonze.

Chatsala n'chakuti akufuna akuluakulu awiri ochokera kwa ife okathandiza kuona mabuleki, komanso maina a ana onse amene apite. Ine ndadzipereka kale kukhala mmodzi, ndiye pakufunika mnzanga wodziwa sipanala. Amene ana awo alibe njinga anene msanga kwa a sekilitale, chifukwa zobwereka zilipo koma n'zochepa.