Mwana wanga, kabuku ka mbuzi kaja usakabise

Mwana wanga,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino nonse ku Lusaka kumeneko, iwe, apongozi anga ndi amuna anga aang'onowo. Ife kuno ku Chipata tilipo, atate ako mwendo uja wayamba kupepuka. Voisi noti yako ya pa WhatsApp ndaimvera, ndiye ndati ndikuyankhe polemba chifukwa pa foni timangothamangitsana ndi bandulo nkhani osatha.

Ukudandaula kuti unataya ndalama kugula mabuku okongola achingerezi, ena mpaka olira ukadina batani, koma mwana sawafuna, iye usiku uliwonse ndi kabuku kong'ambika ka mbuzi yothawa m'khola kamene anapatsidwa ndi aneba. Wafika pofunsa ngati mutu wake ukuyenda bwino. Mwana ali bwinobwino, ndipo zomwe akuchitazo ndi zomwe ndinkalakalaka kuona mwa ana anga a giredi 1 zaka zonse ndagwira choko. Ndamva wati ufuna ukabise kuti azolowere enawo. Ayi usatero.

Kumbuka mmene ambuya ako ankakuimbirani nthano kumudzi ku Katete, tikukazinga nshawa madzulo. Akati panali panali, inu nonse tili tonse, ndipo nthano zake zinali zomwezomwezo, kalulu wokana kukumba chitsime, fisi wadyera, koma sindinamvepo mmodzi wa inu akuti ambuya iyo tinaimva kale. M'malo mwake akalumpha nyimbo ya pakati munkakuwa kuti ayi mwasiya, bwererani. Chimene chinkakukomerani ndi choti nthanoyo munali nayo mbali, munkavomera, munkaimba, munkadziwa pomwe fisi agwere m'dzenje. Mwana wakoyo ndi chimodzimodzi. Tangoganiza, tsiku lonse iye amangouzidwa, dzuka, samba, idya, tsika apo, tiye, sadziwa n'komwe kuti akumutengera kuti, akulu ndiwo amadziwa zonse. Koma akatsegula kabuku kake iye ndiye mwini nkhani, akudziwa kuti tsamba likubwerali mbuzi ilowa m'dimba la mpiru, ndipo ikalowadi mtima wake umadzaza. Ndiye chifukwa chake ukasintha liwu limodzi chabe amakukonza ndi nkhope yolimba.

Ndipo usaganize kuti pobwereza palibe chomwe akuphunzira. Ulendo woyamba amangotsata kuti chachitika n'chiyani, kenako amayamba kuyang'ana zithunzi bwinobwino, pambuyo pake ndiye mawu amayamba kukhazikika m'mutu. Liwu latsopano mwana saligwira polimva kamodzi, limafuna alimve kambirimbiri pamalo omwewo ndi chithunzi chomwecho mpaka likhale lake. Tayesa usiku uno, uwerenge chiganizo koma liwu lomaliza ulisiye, ungokhala chete, uone ngati samaliza yekha. Tsiku lina udzamupeza wakhala pakona buku lili chadodolido akuwerengera chidole nkhani yonse kuchokera pamtima, usamuseke kapena kumuuza kuti ukunama suwerenga, kuwerenga kumayambira pamenepo. Adzakasiya yekha kabukuko nthawi yake ikakwana, n'kugwira kena.

Za zithunzi. Ife akulu tikatsegula buku maso amathamangira ku zilembo, mwana ake amathamangira ku chithunzi, ndipo amaona zomwe iwe sunaone, kanyerere pakona, galu amene wabisala kuseri kwa nkhokwe tsamba lililonse. Khanda longobadwa kumene limaona bwino zinthu zapafupi chabe, masentimita 20 mpaka 30, mtunda wochokera pabere kufika pankhope ya amake, ndiye nkhope ndi chinthu choyamba chomwe munthu amaphunzira kuwerenga. Mwana wazaka zitatu akadali choncho, amafuna aone kuti mbuziyo yachita mantha, mwini dimba wakwiya. Mabuku ena odula amadzaza tsamba ndi mitundumitundu ndi zonyezimira mpaka diso la mwana kusowa poima. Aja olira nawo, mwana amadina batani, kudinanso, batire kutha, basi chidwi chathera pomwepo chifukwa anali kusewera ndi batani osati kumva nkhani. Onanso kukula kwake, buku loti limukwane m'manja, mapepala olimba oti atembenuze yekha osadikira iwe.

Manje apa ndi pomwe ndifuna undimvetsetse. Mwana amakonda buku lomwe akupezamo dziko lake. Mbuzi amaidziwa, anaithamangitsa yekha pomwe munabwera kuno. Njinga amaidziwa, suja ankaloza aja a njinga ku Kapata atamanga matumba a makala kumbuyo, ena nkhumba ikulira pakeriya. Mayi wobereka mwana ndi chitenje, mbaula, nkhuku ndi anapiye ake, minibasi yodzaza, akaziona m'buku amaloza n'kutchula, ndipo kutchulako ndiko kukoma kwake. Ndiye iwe wamupatsa mabuku a ana ovala majekete akusewera mu sinoo, nyama zomwe sanazionepo, m'chilankhulo chomwe sanachigwire bwino, akhalamo bwanji? Sindikuti ndi oipa, uwasunge, nthawi yake ibwera pomwe adzafuna kudziwa za kutali. Koma amayamba ndi zapakhomo.

Ndikudziwa mantha ako ndi Chingerezi, kuti anzake ku nasale amusiya. Ine ndinalipo m'kilasi pomwe NBTL, pulogalamu ya boma yophunzitsira ana kuwerenga, inabwera kumayambiriro a zaka za m'ma 2000, ana a giredi 1 n'kuyamba kuwerenga m'Chinyanja kaye, Chingerezi pambuyo, ndipo mu 2014 boma linayambanso dongosolo loti giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha m'dera lawo. Masilabasi amasintha, lero izi mawa izo, koma zomwe ndinaona ndi maso anga sizisintha, mwana amene wagwira kuti ma ndi ma akaphatikizana ndi mama, mawu omwe amawanena tsiku ndi tsiku, akafika pa Chingerezi savutika kwambiri chifukwa chinsinsi cha zilembo wachidziwa kale. Amene ankandimvetsa chisoni ndi aja oloweza mawu achingerezi osadziwa tanthauzo, amatha kukuwerengera tsamba lonse ukawafunsa kuti chachitika n'chiyani kukuyang'ana chabe. Choncho muwerengere zonse ziwiri, ndipo mabuku ako achingereziwo palibe akukuletsa kuwafotokoza m'Chinyanja, loza chithunzi uzikamba naye mmene mumakambira kunyumba. Ukapeza mabuku ochokera ku Malawi, amadutsa ambiri pa Mwami apa, usadabwe kuona alemba ch pomwe a kusukulu kwathu amalemba c, ndi chinenero chimodzi, mwana amamva bwinobwino.

China chomwe ana amafera ndi nkhani yomwe wamng'ono wapambana wamkulu. Kalulu kupusitsa njovu, fulu kufika patsogolo, kamwana kupulumutsa mudzi. Iye ndi wamng'ono m'nyumba ya anthu aataliatali, ndiye akaona kanyama kakang'ono kachita zanzeru amadziona yekha. Ngakhale mbuzi yakeyo, wati imathawa m'khola eti, imachita zomwe iye amaletsedwa ndipo pamapeto imabwerera kwawo bwinobwino. Amakondanso kuopa pang'ono, fisi akamayandikira iye n'kukukakamira pachifuwa kwinaku akuti werenganinso, chifukwa akudziwa kuti ali pamiyendo pa amake ndipo buku likatsekedwa fisi watsala momwemo. Koma ukaona kuti buku lina likumulotetsa zoopsa, lichotse kaye popanda kulimbana naye.

Akamafika zaka zinayi zisanu ukonzeke, ayamba chifukwa chiyani wosatha, ndipo apa ana ambiri amatembenukira ku mabuku ofotokoza zinthu zenizeni, mathirakita, ndege, njoka, chifukwa chomwe mvuu imakhalira m'madzi masana. Makolo ena amati amenewo si mabuku a nkhani, ndi mabuku ndithu. Mufunire a nyama za kwathu, umuuze kuti nyamalikiti za ku Mfuwe ndi mtundu womwe umapezeka m'chigwa cha Luangwa mokha, uone mmene maso atuluke, ndipo mukamabwera pa Great East Road mukafika pa buliji ya Luangwa umudzutse aone mtsinje womwe anaumva m'buku.

Mabuku omwe ndawaona ana akuwakankhira kutali ndi aja olalikira, mwana wabwino amasamba m'manja, mwana wabwino amamvera, tsamba ndi tsamba malangizo nkhani palibe. Amenewo amakomera ife makolo pogula. Mwana amazindikira msanga kuti apa akundilangiza. Mwambo amaumva bwino ukabisala m'nkhani, fisi akapsa mchira chifukwa cha dyera sipafunikanso wina afotokoze. Iwenso chonde usasandutse nthawi ya buku kukhala mayeso, ichi ndi chilembo chanji, iyi ndi kala yanji, werenga mbuzi zilipo zingati. Funso limodzi limodzi lomutsegula pakamwa ndi labwino, ngati uganiza ipita kuti manje, koma akayamba kuona kuti buku likatseguka ndiye kufunsidwa ndi kukalipiridwa, adzalithawa ndipo kumubweza kumavuta.

Musiye azisankha yekha. Mabuku usawaike pamwamba pa kabati ngati mbale za alendo, aike m'kabasiketi pansi pomwe dzanja lake lifika, olo ang'ambike pang'ono, selotepi ilipo. Mukapita kogula, kaya ndi aja a salaula oyala pansi m'tauni, sankhako atatu omwe thumba lako likwanitsa ndipo iye atengepo limodzi, olo atenge lomwe iwe sunalikonde umulemekeze, buku lomwe wasankha yekha amalisamala. Ngati ndalama yavuta pa foni pali African Storybook, ya ku South Africa, nkhani zake ndi zaulere ndipo za Chinyanja zilimo, koma foniyo igwire ndiwe, mukhale awiri, osati kumusiyira chifukwa chala chake chidziwa kale njira ya ku makatuni a pa YouTube. Makatuni amamuchitira zonse, mawu, kuyenda, nyimbo, iye kungokhala kukamwa yasa, pomwe buku limadikira iye kuti aloze, afunse, atembenuze.

Usadalire kuti kusukulu adzamuchitira zimenezi. Chiyambireni maphunziro aulere mu January 2022 ana abwerera ambiri m'makilasi, chinthu chabwino kwambiri ndipo ndimayamika, koma anzanga omwe akadali pantchito amandiuza mmene makilasi adzazira, tichala mmodzi sangakhale pansi ndi mwana aliyense kumuwerengera buku lomwe walikonda. Zimenezo ndi za kunyumba. Ndikudziwa umafika wotopa, mizere ya mabasi, kuphika, malaiti azima, koma mphindi khumi zikwana, olo ndi tochi ya pa foni. Nthawi zambiri mwana akamabweretsa buku lomwelo akufunanso iweyo, fungo lako, mawu ako, nthawi yomwe sukuyang'ana china chilichonse koma iye.

Uwauzeko mwaulemu apongozi anga kuti nawonso azitengako mbali, asamati izo ndi za amake. Mwana wamwamuna akaona atate ake agwira buku amadziwa kuti si za akazi ndi aticha okha, ndipo abambo ali ndi kawerengedwe kawo, mawu a mkango amawatha bwino kuposa ife.

Atate ako ayamba kale kudula zithunzi m'makalendala akale, ine ndasunga makatoni a sopo, tifuna timusokere buku lake la pakhomo pano, nkhuku zathu, njinga ya ambuya ake aamuna, mtengo wa mango uja anagwetsapo nsapato. Unditumizire mafoto ake awiri atatu pa WhatsApp ndikawachapitse ku Down Shops kuti nayenso akhalemo. Mawu sitilembamo, adzatiuza yekha zoti tilembe mukabwera pa holide ya August nthawi ya Kulamba. Nshawa ndi ufa ndatumiza pa basi ya Loweruka m'mawa, ukazilandire ku Intercity, kondakitala ali ndi nambala yako.

Ndine amako.