Lipoti la msonkhano wa mapulogalamu ojambulira pa foni m'kalasi

A Wapampando, ahedi athu, aphunzitsi anzanga nonse a m'zoni yathu kuno ku Chawama mu Lusaka, ndakupatsani moni.

Munandituma ku msonkhano wa masiku awiri womwe unachitikira m'tauni Lachinayi ndi Lachisanu sabata yatha. Ndalama ya minibasi ndi ya nkhomaliro inachokera m'thumba la gulu, ndipo malisiti ake ndapereka kale kwa amayi asungichuma. Ndachedwa dala kulemba lipotili chifukwa ndimafuna ndiyambe ndayesa m'kalasi mwanga zomwe ndinaona kumeneko.

M'mawa wa tsiku loyamba unathera pa zolankhula za akuluakulu ndi pa silabasi yatsopano yomwe inayamba mu 2025, zomwe tinamva kale ku maphunziro athu osula aphunzitsi a CPD. Masana anatisonyeza Adobe Scan ndi batani lojambulira la mu Google Drive. Umajambula tsamba la buku kapena rejisitala, foni n'kuliwongola m'mbali, n'kulisandutsa PDF yotumiza pa WhatsApp. Ambiri mwa inu mumachita kale zimenezi.

Chomwe chinandigwira mtima ndi pulogalamu yotchedwa Plickers. Mwana safunika foni. Foni ndi imodzi, ya mphunzitsi. Mwana aliyense amalandira khadi la pepala lokhala ndi nambala yake ndi chithunzi chakuda cha makona anayi, ndipo m'mbali zinayi za chithunzicho mwalembedwa A, B, C ndi D. Mphunzitsi amalemba funso pa bolodi ndi mayankho anayi, mwana n'kutembenuza khadi kuti chilembo chomwe wasankha chikhale pamwamba, n'kulikweza. Mphunzitsi amayendetsa kamera ya foni pang'onopang'ono kuchokera kumanzere mpaka kumanja kwa kalasi, ndipo foniyo imawerenga khadi lililonse n'kusonyeza amene wakhoza ndi amene waphonya. Zilembozo ndi zazing'ono dala, kotero mnzake wa pa desiki sangaone chomwe mwana wasankha.

Loweruka ndinasindikiza makhadi ndi ndalama yanga, n'kuwamata pa zidutswa za katoni ya sopo. Lolemba ndinawapatsa ana anga a Giredi 6. Ndinalemba pa bolodi: 1/2 + 1/4. Mutu umenewu ndinauphunzitsa sabata ziwiri zathunthu, ndipo tsiku lililonse ndikafunsa kuti mwamva, kalasi yonse imayankha ndi mawu amodzi kuti inde aphunzitsi. Foni itayenda, oposa theka anali atasankha 2/6. Ankawonkhetsa za pamwamba pazokha, za pansi pazokha. Mtima unandiwawa, chifukwa zikanakhala zolemba m'makope ndikanazizindikira patapita masiku, nditayamba kale mutu wina. Ndinafufuta bolodi pomwepo, ndinatenga pepala, n'kulipinda pakati, n'kulipindanso, tinayambiranso. Pali kamtsikana kena kamene kamakhala kumbuyo pafupi ndi zenera, sikakweza dzanja chiyambire Januwale. Kanakhoza mafunso onse asanu omwe ndinafunsa tsikulo. Ndakhala nako miyezi yonseyi osadziwa kuti masamu kakuwadziwa chonchi.

Vuto lilipo, ndipo ndinalinena ku msonkhano komweko. Makhadi a Plickers amathera pa 63, pamene ine ndili ndi ana 84. Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022 makalasi athu adzaza mpaka pakhomo, ndipo ngakhale boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 chaka chomwecho, kuno kwathu kuchuluka kwa ana sikunachepe. Ndinagawa kalasi pawiri mu pulogalamuyo: mizere ya kumanja iyankhe, ipereke makhadi kwa anzawo a kumanzere, nawo ayankhe lina. Zimadya mphindi zingapo koma zikutheka. Makhadi omwewo angagwirenso ntchito kwa ana a masana, chifukwa nambala ya khadi umaipereka kwa mwana m'kalasi iliyonse payokha. Musawakute ndi pulasitiki yonyezimira, kuwala kumasokoneza kamera.

Tsiku lachiwiri anatiphunzitsa ZipGrade. Ana amadetsa timabwalo pa pepala la mayankho, monga amachitira pa mayeso a Giredi 7 a bungwe la mayeso la ECZ, mphunzitsi n'kujambula pepala lililonse, malikisi n'kutuluka pomwepo, ngakhale popanda intaneti. Imasonyezanso funso lomwe lagwetsa ana ambiri. Anzathu ambiri anaikonda kuposa Plickers. Ine ayi. Yaulere imalola mapepala 100 pa mwezi, ndiye kuti kwa ine mayeso amodzi okha atha mwezi wonse, kupitirira apo ulipire m'madola. Komanso mwana aliyense amafunika pepala lake losindikizidwa pa mayeso alionse.

Pa nkhani yosindikizayi ndiloleni ndinene, a Wapampando. Teremu yatha tinasonkha tonse kuti tigule inki ya makina osindikizira a zoni. Mpaka lero makinawo ali chikhalire, ndipo nkhaniyi ikafunsidwa pa msonkhano imakankhidwira kumapeto, nthawi n'kutha. Ndalama yomwe ndinasindikizira mayeso a pakati pa teremu sinabwezedwenso. Sindikutchula munthu, koma ndikufuna yankho pamaso pa onse. Sitingatumize munthu kukaphunzira zinthu zofuna mapepala pamene makina athu ali gone.

Panalinso gawo la chitetezo cha mbiri ya ana pansi pa lamulo la Data Protection Act la 2021. Mwachidule, tisamaponye maina ndi malikisi a ana paliponse. Ine ndalowetsa manambala a m'rejisitala m'malo mwa maina, ndipo ndikupempha tonse tichite chimodzimodzi. Gawo la malipoti a pa kompyuta linali lalitali, silikutikhudza pakali pano.

Chigamulo cha msonkhano chinali chakuti ayambe kuyesa zimenezi m'masukulu omwe ali ndi chipinda cha makompyuta ndi projekita, enafe tidikire zotsatira. Ndinakweza dzanja kukana, ndipo ndikukanabe. Sukulu yokhala ndi ana 35 m'kalasi, mphunzitsi amatha kuzungulira madesiki onse n'kuona makope. Ife sitingathe ngakhale kudutsa pakati pa mizere. Makhadiwa akufunika kwambiri ku Chawama, ku Kanyama, ku Misisi, kumene mwana amatha chaka osaitanidwa dzina ndi mphunzitsi. Projekita sifunika, bolodi ndi choko zikukwanira. Palibenso amene anatiletsa kuyamba patokha.

Chotitsekereza chili kwathu konkuno. M'masukulu ena a zoni yathu mphunzitsi saloledwa kutulutsa foni m'kalasi. Ndikudziwa chomwe chinabweretsa lamulolo, ena ankakhala pa Facebook ana akusokosera, ndipo ahedi sanalakwe. Koma amene analakwawo akambidwe paokha. Ndikupempha ahedi athu alole foni pa ntchito iyi, ndipo amene akukayika abwere adzakhale kumbuyo kwa kalasi yanga aone okha. Tikambiranenso za bandulo, chifukwa pokonza mafunso ndi kutumiza zotsatira intaneti imafunika, ndipo si bwino kuti izichokera m'thumba la mphunzitsi nthawi zonse. Masiku omwe magetsi azima, foni ibwere yotchajidwa kale.

Wina asaganize kuti kuchonga kwatha. Chimangirizo cha Chinyanja ndi cha Chingerezi foni singachichonge, ndipo mwana wosadziwa kuwerenga akhoza kukweza khadi mongolotera. N'chifukwa chake ndikaona mayankho ndimasankha awiri kapena atatu kuti afotokoze pa bolodi m'mene apezera.

Ndikupempha mphindi 40 pa msonkhano wathu wa Lachisanu likubwerali. Aliyense abwere ndi foni, sizasi ndi katoni imodzi, guluu ndibweretsa ine. Nkhani ya inki ikhale yoyamba pa ndondomeko ya tsikulo.

Ine mnzanu wa Giredi 6.