Did ndi came sayendera limodzi

Mphwanga,

Meseji yako ija ndaiona pa foni ya amayi ako, eee ndinasekerera ndekha, wayamba kundilembera m'Chingelezi iwe! Wakula ndithu. Unandifunsa kuti "Uncle, did you came back?" Eya ndinabwerako Lolemba. Koma pali kanthu kamodzi pa funso lakolo, usaope sindikukukalipira ayi.

Tayamba waona Chichewa chathuchi. Ukati ndinapita, ka na kali pakatiko ndi kamene kakutiuza kuti zinachitika kale, ukati ndidzapita ka dza kakuti zili m'tsogolo. Nanga unamvapo munthu akuti ndinanapita? Anzako angagwe nako kuseka. Nthawi timaitchula kamodzi basi. Chingelezinso ndi choncho, kungoti iwo kanthu konena nthawi kaja kawirikawiri amakaika padera, m'timawu tothandizira ngati did, does ndi will. Ndiye did akangofika ndiye kuti wasenza kale katundu yense wa zakale, mnzakeyo ayende chimanjamanja. Uziti did you come back, osati came. I didn't see, osati saw.

Does naye ndi wolanda. Umati he plays eti, koma pofunsa ka s kaja kamasamukira kwa does, ndiye zimakhala does he play. S m'modzi yekha, asakhale awiri.

Kenako kuli a can, must, should ndi will, awa ndi amakani, sasintha olo akumane ndi he kapena she, ndipo mawu obwera pambuyo pawo salandira s kapena to. She can swim, basi. Ine ndili ngati iweyo ndinkakonda kunena kuti I must to go, aphunzitsi anachita kundilembetsa I must go pa bolodi mpaka choko kutha m'manja, kalasi yonse ikuseka, moti mpaka lero ndikamva must mkono umandikumbutsa kkkk.

Wovutirapo ndi have. Iyeyu safuna write wamba kapena wrote, amafuna mtundu wachitatu, uja mumaloweza kuti write, wrote, written kapena go, went, gone. I have written ndiye kuti ndalemba. Apa pokha Chichewa chingakupusitse, ife timatha kunena kuti ndabwera dzulo ndipo palibe angadabwe, koma m'Chingelezi have ndi yesterday sakhalira pamodzi. Ukatchula yesterday uziti I came yesterday.

Tsopano ntchito yako nayi. Undilembere mafunso atatu oyamba ndi did, undifunse chilichonse chomwe ukufuna, koma amayi ako asakuthandize, ndidzadziwa ine. Ukalakwitsa limodzi palibe mlandu tidzakonza Loweruka ndikaimba foni.

Uwapatse moni amayi ako.

Ndine amalume ako